Mmene Ndinakhalira a Vaisi ku Mwase

1

Amuna ena matenda awo ndi mowa, ena ndi akazi. Anga anali mpando. Ndine Danwell Mtonga, mlimi wa chimanga, mtedza ndi fodya ku Mwase, m'boma la Lundazi, ndipo kwa zaka zambiri ndinkagona ndi kudzuka ndi chinthu chimodzi mumtima: kukhala wapampando wa koparetivi yathu ya alimi.

Musauderere mpandowo. Kwathu wapampando ndiye amapita ku boma kukalondola feteleza, ndiye amakambirana ndi ogula mbewu, ndipo pamaliro amamupatsa mpando wotsamira ena tonse tili pa njerwa. Mpandowo ndinaupikisanira kawiri, ndipo kawiri konse anandigwetsa a Bornwell Nyirenda, bambo wa banja lake, mkulu wa mpingo, mwini njinga yamoto, munthu woseka ndi aliyense.

Kugwa kwachiwiri kunandiwawa mpaka m'mafupa. Ndinasiya kuseka pakhomo. Mkazi wanga Judith, amene timamutcha NyaZgambo potsata mfunda wa kwawo, akandifunsa za mchere ndinkamuyankha ngati wanditukwana. Mwana wathu woyamba, Fiskani, anali atamaliza Giredi 12 kalekale ndipo ankadikira malo kusukulu ya unamwino. Iyeyu ndiye ankayesetsa kundiseketsa, koma ine ndinkangomuuza kuti andichokere.

Kenako ndinayamba kuyenda m'midzi ya kutsidya kwa dambo, kunong'oneza alimi a fodya anzanga kuti tichoke, tikayambe koparetivi yathuyathu. Ambiri ankavomera ndi mutu, makamaka ndikawagulira masese.

Tsiku lina a Bornwell anandiimitsa panjira.

"A Mtonga, ndale ni zathu ise akulu-akulu, mwana asafelepo. Fiskani abwele ku shedi yogulila mbewu azigwila pa sikelo, apezeko ya sopo."

Ndinavomera. Mumtima ndinati, zili bwino, ndikhale ndi diso langa m'shedi ya mdani.

2

Nyengo yogula mbewu itatha, Fiskani anapita ku Kapichila kwa mlongo wanga Yunike. NyaZgambo anandiuza kuti miyendo ya Yunike yatupa, akufuna womutungira madzi. Sindinafunse zambiri. Mwana wamkazi kupita kwa ankhazi ake, ndiye kuti mlongo wa bambo ake, si nkhani kwathu.

Pasanapite nthawi, m'mawa wina njinga yamoto inaima pabwalo panga.

"Odi kuno! Monile a Mtonga."

"Yewo. Mwasokela kodi?" ndinatero, osadzuka n'komwe.

A Bornwell anavula chipewa. Ndinawalozera mpando, iwo anakhala pa chitsa. NyaZgambo anatuluka, anagwada chapatali, anapereka moni osayang'ana mlendo, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba.

"A Mtonga, ine nagonja," anatero a Bornwell. "Anthu a kutsidya ali kumbuyo kwanu, naona. Tikagawikana, feteleza tizaluza tonse. Bwelani mukhale vaisi wanga, wachiwili kwa ine. Pa msonkhano waukulu wa chaka cha mawa, tikakolola, ine nizatsika, imwe mukwele."

"Mpando wa vaisi mulibe m'malamulo a koparetivi."

"Malamulo tinalemba tekha. Komiti yavomela kale."

Ndinakanda chibwano, ndinayang'ana kumwamba, ndinanamizira kuganiza. Koma zoona zake n'zakuti ndikanavomera ngakhale asanamalize kulankhula. Atachoka ndinathamangira kuseri, kumene NyaZgambo ankasenda mtedza.

"Wamva? Njovu yagwada pakhomo pano!"

"Namva," anatero, osatukula mutu.

Tsiku limenelo ndinapha tambala. Ndinaseka, ndinaimba, ndinanyamula ana aang'ono paphewa. NyaZgambo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Tinayewa kuseka kwanu," ndiye kuti ankakusowa kusekako. Ndinaganiza kuti akundiyamikira.

3

Mlamu wanga Haswell, mlongo wake wa NyaZgambo, anaphunzira za ulimi ku India, ndipo chibwerereni sangamwe tiyi osatchula India. Anandipeza pamsika ku boma ndikuyesa jekete lakuda pa salaula, pogulitsira zovala za kaunjika.

"Ah, a Vaisi! Jekete la ofesi?"

"Seka, mlamu. Chaka cha mawa uzanigwadila."

"Iyayi, sinikuseka. Mpando wanu uyu ninauona ku India. Kuja dziko ni lalikulu, analigawa m'zigawo, chigawo chilichonse na boma lake na nduna yaikulu yake. Lomba nthawi zina amaikako wina, ati wachiwili kwa nduna yaikulu. Galimoto amupatsa, apolisi amuchitila sailuti, a nyuzi amujambula. Koma mukatsegula malamulo aakulu a dziko, mpando uja mulibe. Pa lamulo ni nduna chabe monga anzake."

"Nanga amauikilanji?"

"Kutseka pakamwa. Kukakhala chipani chimene chingagwetse boma chikachoka, kapena mtundu umene ukulila kuti taiwalika, amatengako munthu n'kumukhazika pamenepo. Kwina amakhala awili, kwina anafika asanu. Ena amalonjezana kuti pakati pa ulendo tizasinthana, koma tsiku likafika wamkulu amadwala makutu."

"Ndiye kuti amamuopa munthuyo," ndinatero, ndikukoka kolala. "Nane a Nyirenda aniopa."

Haswell anasiya kuseka.

"Kuja wopatsidwa mpando amadziwa chimene wagulitsa, mlamu. Imwe mwagulitsa chiyani?"

"Nsanje izakupha iwe."

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi," anatero, n'kukwera njinga yake.

Mpaka lero sindidziwa ngati Haswell ankadziwa kanthu kapena ankangolankhula chabe. Jeketelo ndinagula.

4

Ntchito ya vaisi ndikuuzeni mmene inalili. Ndinkafika woyamba ku shedi, ndinkaimba chitsulo choitanira anthu, ndinkatsegula msonkhano ndi pemphero, kenako ndinkakhala kudzanja lamanja la a Bornwell n'kumagwedeza mutu. Chidindo chinali kwa iwo. Makiyi a shedi anali kwa iwo. Ku boma ankapita okha, ati njinga yamoto siikwera mapiri ndi anthu awiri onenepa. Anthu a kutsidya aja ndinawauza kuti zochoka zatha, tsopano tili m'boma.

Koma ulemu wokha, abale, unkanditsekemera. Ana panjira ankati a Vaisi. Pamaliro ndinachoka pa njerwa. Ndikamadutsa pa mjigo, amayi ankasiya kulankhula n'kumandiyang'ana mpaka nditapitirira, ndipo ine ndinkawongola msana poganiza kuti jekete likugwira ntchito.

Mvula inagwa, tinabzala, tinapalira. Fiskani sanabwere ngakhale pa Khirisimasi. Ndikamuimbira foni ankayankha mwachidule.

"Nili makola, adada. Ankhazi akuchila pang'ono-pang'ono. Imwe muli okondwa?"

"Kwambili, mwana wanga. Awuso lomba ni munthu," ndinkatero, kuti bambo ako tsopano ndi munthu.

"Ni vyaweme, adada," ankatero, kuti zili bwino, foni n'kuduka.

NyaZgambo anapita ku Kapichila chimanga chili pa ngaiyaye, anakhalako masiku angapo. Atabwerako anandigwadira pakhomo la nyumba.

"A wisi Fiskani, pitani mukamuone mwana," anatero, kunditchula kuti bambo a Fiskani.

"Akudwala?"

"Sakudwala. Koma pitani."

"Nili na misonkhano, mama. Azabwela yekha ankhazi ake akachila."

Anandipempha kangapo. Nthawi zonse ndinali ndi msonkhano, ngakhale ntchito yanga pamsonkhanopo inali kuimba chitsulo.

5

Chimene chinandipititsa ku Kapichila si mwana wanga. Tinali titakolola, msonkhano waukulu unali pafupi, ndipo ndinkafuna kuti Yunike, ngati wachira, abwere ndi Fiskani adzaone ndikukwera pampando, adzalulutire. Ndinapalasa njinga osauza munthu.

Woyamba kumuona anali Yunike, akuchokera kudimba ndi mtolo wa nkhuni pamutu, akuyenda ngati mtsikana. Miyendo yake inalibe vuto lililonse. Atandiona anaponya mtolo pansi.

Pachingwe panali matewera. Pakhonde panakhala Fiskani, wowonda, akuyamwitsa khanda.

Sindikumbukira mmene ndinatsikira panjinga. Ndikukumbukira Yunike akundikoka dzanja kundilowetsa m'nyumba, ndi Fiskani akulowa pambuyo pathu n'kugwada pafupi ndi chitseko, mwana ali pachifuwa.

"Wa ndani?" ndinafunsa.

"Khalani pansi, adumbu," anatero Yunike, kunditchula monga mlongo amatchulira mlongo wake.

"Nati wa ndani?"

"Wa a Bornwell Nyirenda."

Kwa inu amene simudziwa mwambo wathu: mtsikana akatenga pathupi asanakwatiwe, sauza bambo ake. Amauza ankhazi. Ankhazi ndiwo amamutenga kupita naye kwa mwamunayo kukatula nkhani, ndipo mwamunayo akavomera, m'pamene bambo amauzidwa, kuti atume thenga, munthu woyenda pakati pa mabanja awiri, mlandu ukambidwe. Bambo amamva pomaliza, koma popanda iye mlandu suyamba.

Yunike anachita mbali yake. Anapita naye Fiskani kwa a Bornwell, anawapeza okha ku shedi. A Bornwell sanakane. Iwo ndiwo ankamunyamula Fiskani pa njinga yamoto poweruka, ankamulonjeza kuti amupezera malo kusukulu ya unamwino. Koma anagwada pamaso pa Yunike, analira, anati nkhani ikatuluka mpingo uwadula, akazi awo achoka, koparetivi igwa. Anapempha kuti nkhani ikhale kaye m'nyumba. Ndiye anati, mlongo wanu ndikudziwa chimene amalira, ndimupatsa.

"Ine ninakana," anatero Yunike. "NyaZgambo naye anakana. Anavomela ni uyu."

Ndinayang'ana Fiskani.

"Ninati tiyese tione, adada," anatero ndi mawu apansi. "Amama ataniuza kuti mwapha tambala, mukuimba, ninati niyembekeze. Zaka zonse zija munali ngati mulibe ana. Ninaopa kuti nikakulandani ichi, simuzanikhululukila."

Mwana anayamba kulira. Ndinafunsa dzina lake.

"Alibe," anatero Yunike. "Dzina limachokela kwa awisi ake, mukudziwa. Mchombo unagwa kale, palibe wabwela. Timangoti Kamwana. Anthu akufunsa, adumbu. Fiskani satuluka, ku chalichi sapita, ku mjigo amapita anzake atachoka."

Fiskani anasendeza mawondo, anayandikira.

"Adada, lomba mwadziwa. Nalema kubisala. Tumani thenga. Mwana wanga apatsidwe dzina, nane niyende masana monga munthu."

6

Anthu akandifunsa, ndakhala ndikuwauza kuti tsiku limenelo ndinakwiya, ndinafuna kutenga nkhwangwa, anachita kundigwira. Limenelo ndi bodza. Chimene ndinachita sindinauzepo munthu, ndipo ndi chifukwa chake ndikulemba nkhaniyi.

M'mutu mwanga munabwera msonkhano. Ndinaona kuti ndikatuma thenga lero, a Bornwell sadzatsikanso, komiti idzati ndikuwanamizira chifukwa cha mpando, ndipo zaka zonse zimene ndinadikira zidzapita m'madzi. Koma ndikakhala kaye pampando, chidindo chili m'manja, ndidzawafinya bwino. Ndinadziuza kuti imeneyo ndi nzeru.

"Mwana wanga," ndinatero, "wapilila kale nthawi yaitali. Pilila pang'ono chabe. Msonkhano upite, nikhale pampando, ndiye tizamuonetsa."

Yunike anagwira pakamwa.

Fiskani sanalire. Anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene sanachitepo chibadwire, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaweramitsa mutu.

"Yewo, adada," anatero.

Anadzuka, anabereka mwana, anatuluka. Ine ndinakwera njinga. Mwanayo sindinamunyamule, ngakhale nkhope yake sindinaione bwino.

7

Tsiku la msonkhano shedi inadzaza, ena anakhala panja pa matumba. Ndinaimba chitsulo, ndinapemphera pemphero lalitali, ndinakhala pamalo panga jekete litasitidwa.

A Bornwell anafotokoza za mitengo ya chimanga, za feteleza wochedwa, za denga lodontha. Kenako anakhosomola.

"Pa nkhani ya utsogoleli, komiti yaona kuti chaka chino ni chovuta. Sitingasinthe woyendetsa ngolo ili pakati pa mtsinje. Nipitiliza ine. Komanso, kuti anzathu a kumtunda asadandaule, taika vaisi wina, a Evans Mvula. A Mtonga akhala vaisi woyamba, a Mvula wachiwili."

Anthu anaomba m'manja. Ndinaimirira, mpando unagwa kumbuyo kwanga.

"Bodza! Munthu uyu ni wakuba! Analonjeza! Ndipo mudziwe nonse, munthu uyu, mkulu wa mpingo uyu, anawononga mwana wanga!"

Ndinkayembekezera phokoso. Ndinkayembekezera kuti amayi akuwa, amuna aimirira. M'shedi munangoti zii. Ena anayang'ana pansi, ena kudenga. Palibe ngakhale mmodzi anadabwa.

Amene analankhula anali mayi wina wachikulire wa kutsidya, mmodzi wa anthu amene ndinkawatcha anga.

"Khalani pansi, a Mtonga. Ife tinadziwa kale, mimba siibisika. Tinkati mwina imwe simudziwa, tinkakumvelani chisoni. Koma munapita ku Kapichila, munamuona mwana na maso yanu, munabwelako n'kusita jekete. Lelo akumanani mpando ndiye mwakumbuka kuti muli na mwana?"

Wina kumbuyo anaseka, n'kudzigwira. Ndikanakonda akanaseka onse, kapena kundimenya. Ndinatuluka pakati pawo, anthu akupinda miyendo kuti ndidutse. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sanandichoke mpaka lero.

8

M'mawa mwake ndinatuma thenga. Mlandu unakambidwa, a Bornwell anavomera pamaso pa akuluakulu, mpingo unawaimitsa, ndipo anati ali okonzeka kutchula mwana dzina. Ndinapalasa njinga kupita ku Kapichila ndi uthengawo, ndikuganiza kuti ndakonza zinthu.

Fiskani kunalibe. Yunike anati anachoka tsiku lotsatira nditabwera ine, msonkhano usanachitike n'komwe. Anapita ku boma, mnzake wa kusukulu anamupezera ntchito m'sitolo yogulitsa mankhwala a ziweto. Mwana anamutcha yekha dzina, Tafika, ndipo anati dzina la kwa a Nyirenda asunge okha.

Foni yanga sankayankha. Amayi ake ankapita kukamuona, ankabwerako ndi zithunzi, koma ine sindinaitanidwe. Ndinatenga nthawi yaitali ndisanalimbe mtima. Pamene ndinapita, mwana anali atayamba kuyenda ndi kulankhula.

Ndinawapeza Lamulungu masana, pakhonde la kachipinda kamene amachita lendi kuseri kwa msika. Ndinanyamula nkhuku ndi thumba la mtedza. Fiskani atandiona anadzuka, anatulutsa mpando, anaupukuta ndi chitenje, anagwada patali.

"Monile. Mwayenda uli?"

"Makola, mwana wanga. Nabwela kuti..."

"Ku nyumba ali uli amama?"

Anandifunsa za amayi ake, za ang'ono ake, za ng'ombe, za mvula. Analandira nkhuku ndi manja awiri, anathokoza. Anandiphikira tiyi, anandiikira pathebulo, iye n'kukhala pamphasa chapatali. Ulemu wonse anandipatsa, osaphonya kanthu. Koma mawu akuti adada sanatuluke pakamwa pake.

"Fiskani, ninalakwa," ndinatero pomaliza. "Nikhululukile."

"Tiyi azizila," anatero.

Pamenepo kamnyamata kanatuluka m'nyumba, kakukoka galimoto ya waya. Kanaima, kanandiyang'ana, kanathamangira kwa amayi ake n'kubisala kumsana. Mphumi yake inali ya malemu bambo anga.

"Amama, ni ndani?"

Fiskani anamusisita mwanayo pamutu.

"Ni alendo, Tafika. Achokela ku Mwase. Pita ukapeleke moni."

Kanabwera, kanandipatsa dzanja, kanabwerera msanga.

9

Owerenga anzanga, makamaka inu abambo, sindikulemba kuti mundimvere chisoni. A Bornwell anandilakwira, inde, ndipo mlandu wawo unaweruzidwa. Wanga palibe bwalo limene lingauweruze. Kunamizidwa kuja ndikanakhululukidwa, pakuti aliyense anganamizidwe. Koma panafika mphindi imene ndinadziwa zonse, mwana wanga atagwada patsogolo panga kundipempha chinthu chimene bambo yekha angachite, ndipo ine ndinamuuza kuti adikire.

Mwana wanu akadzabwera kwa inu ndi misozi, musadzayang'ane kaye chimene mutaye. Dzukani pomwepo. Mukati mawa, iye amamva kuti pali china chimene chimamuposa, ndipo zimenezo saiwala.

Ine ndimapitabe ku boma mwezi ndi mwezi. Fiskani amanditulutsira mpando, amandiphikira tiyi, amandiperekeza mpaka pamsewu. Tafika tsopano amandizindikira. Akandiona patali amathamangira m'nyumba akufuula mokondwa kuti, "Amama, alendo aja abwela!"